Kalikulamu ya Uphunzitsi Ikasintha ku Yunivesite: Mafunso ndi Mayankho

Achinyamata a m'boma la Mangochi amene akhoza bwino mayeso a Fomu 4, aphunzitsi a ku pulayimale ofuna kuwonjezera maphunziro, ndiponso makolo amene amalipira fizi, onsewa amamva zoti "kalikulamu yasintha" koma amasowa wowafotokozera bwinobwino. Mafunso otsatirawa ndi amene amabuka kawirikawiri nkhaniyi ikayambika.

Kodi kalikulamu ndi chiyani?

Ndi ndondomeko yonse ya zimene wophunzira ayenera kuphunzira, nthawi yoziphunzira, njira zomuphunzitsira ndiponso mmene adzayesedwere. Kwa munthu amene akuphunzira uphunzitsi, kalikulamu ndiyo imanena maphunziro a chaka chilichonse, nthawi yopita kusukulu kukayeserera ntchito, ndi zimene ayenera kukhoza kuti apatsidwe digiri. Akati yasintha, ndiye kuti china mwa zimenezi, kapena zonse, zakonzedwanso.

Si chimodzimodzi ndi silabasi?

Ayi. Silabasi ndi ya phunziro limodzi, monga masamu kapena Chichewa, ndipo imandandalika mitu yoti iphunzitsidwe. Silabasi ili ngati nsanamira imodzi, pamene kalikulamu ndi nyumba yonse ndi denga lomwe.

Munthu wofuna kudzaphunzitsa ku sekondale amaphunzira zotani ku yunivesite?

Maphunziro ake ali ndi mbali zinayi. Pali phunziro lenilenilo limene adzaphunzitse, monga Biology kapena Geography. Pali maziko a uphunzitsi, monga kakulidwe ndi kaganizidwe ka ana, mbiri ya maphunziro ndi kayendetsedwe ka sukulu. Pali njira zophunzitsira phunziro lakelo. Ndiye pali kuyeserera ntchito m'kalasi yeniyeni, kumene ophunzira amangoti TP. Mkangano waukulu pokonzanso kalikulamu umakhala pa kagawidwe ka zaka 4 pakati pa mbali zimenezi, chifukwa ukawonjezera kwina uyenera kudula kwina.

Aphunzitsi a sekondale amasulidwa kuti m'dziko muno?

M'sukulu za boma, odziwika kwambiri ndi University of Malawi ku Zomba, Mzuzu University, koleji ya Domasi yomwe inayamba ntchitoyi mu 1993, ndi koleji ya Nalikule ku Lilongwe yomwe inatsegulidwa mu 2017 ndi thandizo la dziko la Japan. MUBAS ku Blantyre imasula aphunzitsi a maphunziro a ntchito zamanja ndi zamalonda, pomwe LUANAR imasula a zaulimi. Mayunivesite a mipingo monga Catholic University ku Nguludi, Livingstonia, Nkhoma ndi Malawi Adventist nawonso ali ndi maphunziro a uphunzitsi.

Nanga kuno ku Mangochi kulipo pophunzirira?

Kulipo. Yunivesite ya DMI St John the Baptist, yomwe si ya boma, ili ku Mangochi ndipo uphunzitsi ndi gawo limodzi la maphunziro ake, pamene Maryam Girls ndi koleji ya Chisilamu yophunzitsa atsikana uphunzitsi wa ku pulayimale. Za boma zapafupi ndi koleji ya aphunzitsi (TTC) ya Machinga kwa a pulayimale, kenaka Domasi ndi Zomba kwa a sekondale, mukatsata msewu wa M3 kudutsa pa Liwonde.

TTC ndi yunivesite zimasiyana pati?

TTC imasula mphunzitsi wa ku pulayimale woti aziphunzitsa maphunziro onse a kalasi yake, ndipo makoleji onse amatsata kalikulamu imodzi ya dziko lonse, mayeso ake n'kuyendetsedwa ndi MANEB. Yunivesite imasula munthu pa phunziro limodzi kapena awiri a ku sekondale, ndipo iliyonse imalemba kalikulamu yake ndi mayeso ake. N'chifukwa chake digiri ya uphunzitsi ya ku Zomba ndi ya ku Mzuzu sizifanana mutu ndi mutu, ngakhale eni ake amakaphunzitsa silabasi imodzimodzi.

Ndani amene amasintha kalikulamu ya ku yunivesite?

Ntchito imayambira kwa malekichala a m'dipatimenti, amene amalemba maganizo awo atafunsa akatswiri, olemba anthu ntchito ndi amene anamaliza kale maphunzirowo. Maganizowo amadutsa m'makomiti mpaka kufika ku Senate, bwalo lalikulu loyang'anira zamaphunziro pa yunivesite, ndipo ndi bwalo limeneli limene limavomereza kapena kubweza. Kunja kwa yunivesite kuli bungwe la NCHE, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, limene limayendera ndi kutsimikiza ngati pulogalamuyo ikukwanira pa muyeso wa dziko.

Ndimayesa ntchito imeneyi ndi ya MIE ya ku Domasi?

MIE, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 1982, imakonza kalikulamu ya pulayimale, ya sekondale ndi ya ma TTC. Ya ku yunivesite siilemba. Komabe MIE ikasintha zophunzitsa ku sekondale, yunivesite singakhale chete, chifukwa ikapitiriza zakale idzatulutsa mphunzitsi wodziwa zimene sizikufunikanso m'kalasi.

N'chifukwa chiyani sangosiya mmene zinalili? Ife tinaphunzitsidwa ndi aphunzitsi abwino kale lomwe.

Aphunzitsi abwinowo anakonzekeretsedwa molingana ndi sukulu za nthawi yawo, pamene opita ku sekondale anali ochepa ndipo ambiri ankagonera komweko. Lero m'boma ngati Mangochi, limene kalembera wa 2018 anapeza kuti lili ndi anthu oposa 1.1 miliyoni, ana ambiri amaphunzira pa masekondale oyendera a m'madera (ma CDSS), kumene mabuku ndi zipangizo zasayansi n'zoperewera. Maphunziro enanso, monga a kompyuta, kale kunalibe.

Tapatseni chitsanzo chenicheni cha kusintha kwa ku sekondale kumene kunakhudza aphunzitsi.

Kalikulamu ya sekondale imene inayamba ndi Fomu 1 mu 2015 inagawa phunziro la Physical Science kukhala awiri, Physics ndi Chemistry. Mphunzitsi amene kale ankadziwa pang'ono uku ndi pang'ono uko anafunika tsopano kuzama pa lililonse mpaka Fomu 4. Sukulu imene inali ndi mphunzitsi mmodzi wa Physical Science inapezeka ndi maphunziro awiri pa tebulo la nthawi koma munthu yemweyo.

Ndiye ku yunivesite kunasintha chiyani?

Ku Chancellor College, yomwe lero ndi University of Malawi, digiri ya uphunzitsi kale inkagawidwa m'magulu akuluakulu, monga la sayansi ndi la maphunziro okhudza anthu ndi zilankhulo. Mukawona mndandanda wa mapulogalamu a University of Malawi wa zaka zaposachedwa, mupeza digiri ya uphunzitsi wa Physics payokha, ya Chemistry, ya masamu, ya Biology, ya kompyuta, ya zilankhulo ndi ya Social Studies. Wophunzira amalowa akudziwiratu phunziro limene adzaphunzitse, m'malo mokasankha ali kale mkati.

Kodi kugawa kotereku n'kothandiza kwa sukulu za kwathu kuno?

Kumathandiza pa kuzama, ndipo mwana wa ku Namwera amene akulemba Chemistry ya MSCE ayenera kuphunzitsidwa ndi munthu woidziwadi. Vuto ndi lakuti pa CDSS ya kumudzi aphunzitsi amakhala ochepa, ndiye wa Physics amapezeka wapatsidwanso masamu, mwinanso Agriculture. Kalikulamu yoganizira sukulu zoterezi iyenera kusunga phunziro lachiwiri lolimba, osati longotchula dzina pa pepala. Posankha pulogalamu, funsani za phunziro lachiwirilo.

Kodi aka ndi koyamba maphunziro a uphunzitsi kusinthidwa?

Ayi, asinthidwa kambirimbiri. Aphunzitsi a sekondale poyamba ankasulidwa ku Soche Hill College ku Blantyre, mpaka 1973 pamene maphunzirowo anasamukira ku Zomba pamodzi ndi Chancellor College. Chivomezi chachikulu chinabwera mu 1994 ndi pulayimale yaulere, pamene chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, boma n'kulemba anthu masauzande ambiri osaphunzira uphunzitsi. Pulogalamu ya MIITEP ya 1997 inakonzedwa kuti anthu amenewa aphunzire ntchitoyo ali kale m'kalasi.

Zimenezo n'za pulayimale. Zinafika bwanji ku sekondale?

Ana aja atamaliza Sitandade 8 anafuna malo, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 boma linasandutsa ma DEC, kumene ana ankaphunzira motsata maphunziro apakalata a MCDE, kukhala ma CDSS. Ambiri mwa amene anatumizidwa kukaphunzitsa kumeneko anali aphunzitsi a pulayimale. Mu 2000 koleji ya Domasi inayamba kuwaphunzitsa dipuloma ali pantchito, kudzera m'pulogalamu ya SSTEP yothandizidwa ndi dziko la Canada.

Ndinamva kuti ku TTC anasinthanso kagawidwe ka nthawi. Zinali bwanji?

Pulogalamu ya IPTE itayamba, wophunzira ankakhala chaka chimodzi ku koleji ndi chaka chimodzi kusukulu, osabwereranso m'kalasi ya ku koleji. Kuyambira 2017 amakhala materemu 2 ku koleji, 2 kusukulu, kenaka 2 ena ku koleji. Phindu lake n'lakuti amabwerera ndi mafunso enieni ochokera kwa ana enieni, ndipo pamenepa mayunivesite ali ndi choti atengerepo.

Nanga kugawikana kwa University of Malawi kunakhudza aphunzitsi?

Mu 2021 yunivesiteyi inagawidwa patatu: Chancellor College inatsala ndi dzina la University of Malawi, Polytechnic inakhala MUBAS, ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinapanga KUHeS. Iliyonse tsopano ili ndi Senate yakeyake, choncho imavomereza yokha mapulogalamu ake. Digiri imene munthu analandira isanagawikane ndi yovomerezeka monga kale.

Tikumva za 1-6-6-3. Ndi chiyani chimenechi?

Ndi kagawidwe katsopano ka zaka za sukulu kamene kanalengezedwa mu 2025 pamodzi ndi kalikulamu yatsopano ya dziko, kulowa m'malo mwa 8-4-4. Manambalawo akutanthauza chaka 1 cha kalasi yokonzekera, zaka 6 ku pulayimale, zaka 6 ku sekondale ndi zaka 3 ku yunivesite. Kusintha kwa mtundu umenewu kumalowa kalasi ndi kalasi, choncho tsatirani zilengezo za Unduna wa Zamaphunziro kuti mudziwe gulu limene likukhudzidwa chaka chilichonse.

Zimenezi zikutanthauza chiyani kwa wophunzira uphunzitsi?

Sekondale ya zaka 6 imafuna aphunzitsi ochuluka, ndiponso amitundu iwiri yovuta kuipeza mwa munthu mmodzi: wodziwa kugwira ana aang'ono amene lero akanakhala mu Sitandade 7, ndi wozama mokwanira kuphunzitsa zaka ziwiri zapamwamba zimene zimatenga zina mwa zophunzira za chaka choyamba cha yunivesite. Kalasi yokonzekera nayo imafuna aphunzitsi ophunzira za ana a mmera mpoyamba. Mayunivesite ayenera kuyamba msanga, chifukwa kusula mphunzitsi kumatenga zaka pamene kusindikiza silabasi kumatenga miyezi.

Akamati maphunziro "otsamira pa luso" amatanthauza chiyani?

Amatanthauza kuti mwana aziyesedwa pa zimene angathe kuchita, osati pa zimene waloweza zokha. Mwana wa ku Malindi akhoza kulemba bwinobwino tanthauzo la kusodza mopyola muyeso, koma luso ndi loti afunse asodzi, alembe zimene apeza, ajambule girafu, n'kufotokoza chifukwa chake chambo chinachepa m'nyanja ya Malombe. Mphunzitsi amene iye mwini anaphunzira pongokopera manotsi sangatsogolere ntchito yotere. N'chifukwa chake kusintha kumayenera kuyambira pa mmene lekichala akuphunzitsira, osati pa mitu ya maphunziro yokha.

Kodi mayeso nawo amasintha?

Inde. Ku yunivesite malikisi amachokera mbali ziwiri, ntchito za mkati mwa semesita ndi mayeso akumapeto, ndipo kalikulamu yatsopano ikhoza kusintha kulemera kwa mbali iliyonse. Onani pepala lofotokoza kosi limene lekichala amapereka kumayambiriro kwa semesita, chifukwa zimenezi zimalembedwa m'menemo.

TP imatenga nthawi yaitali bwanji, ndipo munthu angathe kuilephera?

Kawirikawiri imatenga pafupifupi teremu imodzi ya ku sekondale, chakumapeto kwa maphunziro. Wophunzira amalemba masikimu ndi mapulani a phunziro, amaphunzitsa makalasi amene wapatsidwa, ndipo malekichala amabwera kudzakhala kumbuyo kwa kalasi n'kumupatsa malikisi. Kulephera n'kotheka, ndipo wolephera TP salandira digiri ya uphunzitsi ngakhale atakhoza zina zonse, mpaka atabwereza.

Ndingapemphe kukachita TP kwathu ku Mangochi?

Kupempha n'kololedwa, koma mawu omaliza ndi a koleji, imene imayang'ana kumene malekichala angathe kufika mosavuta ndi ndalama zimene zilipo. Apa ndi pamene pali chilema chachikulu cha maphunziro athu a uphunzitsi: munthu amayeserera pa sukulu ya m'mbali mwa tala yokhala ndi labotale, koma ntchito akaipeza amatumizidwa kudera ngati Makanjira, kumene nthawi ya mvula ngakhale ulendo weniweniwo ndi nkhani. Kusintha mayina a makosi n'kotsika mtengo. Kutumiza lekichala kukawona wophunzira kangapo kusukulu yakutali n'kodula, koma ndi kumene kumapanga mphunzitsi.

Popanda labotale, sayansi angaiphunzitse bwanji?

Ili ndi gawo limene kalikulamu yabwino siyenera kulilumpha. Aphunzitsi amaphunzira kugwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalopo, njira imene ambiri amaidziwa ndi dzina loti TALULAR: mabotolo, mabatire akutha, phulusa, mandimu, mbewu za m'munda. Pulogalamu ya SMASSE, imene inayamba mu 2004 ndi thandizo la Japan, yakhala ikuphunzitsa aphunzitsi a masamu ndi sayansi njira zoterezi. Komabe pali zoyesera zina za MSCE zimene sizitheka popanda zipangizo zenizeni, ndipo luso la mphunzitsi silichotsa udindo wa boma womanga malabotale.

Ana ambiri kuno amayankhula Chiyao kunyumba. Kodi maphunziro a uphunzitsi amaganizira zimenezi?

Lamulo la zamaphunziro la 2013 limati chilankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi, kusiyana ndi chilolezo cha 1996 chimene chinkalola zilankhulo za makolo mu Sitandade 1 mpaka 4. Choncho mwana wa ku Katuli amayamba ndi Chiyao kunyumba, amakumana ndi Chichewa kusukulu, ndipo mayeso amalemba m'Chingerezi. Mphunzitsi wa phunziro lililonse, ngakhale wa masamu, amakhalanso mphunzitsi wa chilankhulo, ndipo kalikulamu imene yasiya nkhaniyi kwa ophunzira zilankhulo okha yasiya dzenje. Zothandizira zilipo: Centre for Language Studies ya ku Zomba, yomwe inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, inakonza malamulo a kalembedwe ka Chiyao.

Nanga za chipembedzo? Kuno kuli Asilamu ndi Akhristu m'kalasi imodzi.

Ku sekondale kuli maphunziro awiri: Bible Knowledge, ndi Religious and Moral Education limene limakhudza Chikhristu, Chisilamu ndi zipembedzo za makolo. Boma litafuna kuchotsa loyambalo mu 2000 mipingo inakana, ndipo mapeto ake onse awiri anasiyidwa pa mndandanda. Wofuna kudzaphunzitsa zachipembedzo afunse ngati pulogalamu yake ikumukonzekeretsa onse awiri.

Ana olumala aikidwa pati m'maphunziro atsopanowa?

Kale nkhaniyi inkasiyidwa kwa akatswiri ochepa, makamaka ophunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu. Ndondomeko ya dziko ya 2017 inatsindika kuti mwana wosawona bwino, wosamva kapena wochedwa kugwira zinthu aziphunzira limodzi ndi anzake pa sukulu ya kwawo. Zikatero mphunzitsi aliyense amafunika kudziwa zoyambira: kumuzindikira mwanayo, kumukhazika malo oyenera, kusintha kaperekedwe ka ntchito, ndi kudziwa nthawi yoitana katswiri.

Mphunzitsi amaphunziranso za uphungu? Atsikana ambiri kuno amasiyira sukulu panjira.

Uphungu ndi gawo la maziko a uphunzitsi, ndipo ku Mangochi si phunziro lokongoletsera. Kuyambira 1993 dziko lino lili ndi lamulo lolola mtsikana amene anatenga pakati kubwerera kusukulu, ndipo linakonzedwanso mu 2018. Anyamata nawo amakokedwa ndi kunyanja kapena ulendo wa ku Joni. Mphunzitsi ayenera kutuluka ku yunivesite akulidziwa lamulolo, akudziwanso kugwira ntchito ndi makolo, mafumu, mashehe, abusa ndi magulu a amayi a pasukulu.

Za kompyuta ndi intaneti zalowamo?

Zalowa, makamaka sukulu zitatsekedwa pa 23 Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, pamene zinawonekeratu kuti aphunzitsi ambiri analibe njira ina yofikira ana. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti wophunzira amaigwiradi kompyutayo kangati, chifukwa kosi ya kompyuta yophunzitsidwa pa bolodi ndi choko siisiya luso m'manja.

Ndili kale chaka chachiwiri. Kalikulamu ikasintha ndiyambiranso?

Ayi. Mwachizolowezi kalikulamu yatsopano imayamba ndi olowa chaka choyamba, ndipo amene ali kale mkati amamaliza ndi imene anayamba nayo. Amene amavutika ndi obwereza chaka kapena amene anaimitsa maphunziro chifukwa cha fizi kapena matenda, poti pobwerera amapeza makosi ena atachotsedwa. Zikakuchitikirani, pemphani kalata kwa mkulu wa dipatimenti kapena ofesi ya Registrar yonena makosi atsopano amene akulowa m'malo mwa akale, musadalire mawu apakamwa.

Ine digiri yanga ndi ya kalikulamu yakale. Yatha ntchito?

Siinathe. Digiri yochokera ku sukulu yovomerezeka imakhalabe digiri. Chimene chimakalamba ndi zina mwa zimene munaphunzira, ndipo izi zimakonzedwa ndi maphunziro apantchito.

Maphunziro apantchitowo amachitikira kuti?

Aphunzitsi a pulayimale amakumana ku ma TDC a m'zoni mwawo motsogozedwa ndi a PEA, pamene a sekondale amakumana m'makilasita a sukulu zoyandikana. Mangochi ili m'chigawo cha zamaphunziro cha kummwera chakummawa pamodzi ndi Machinga, Balaka ndi Zomba, ndipo likulu lake lili ku Zomba. Mukapita ku maphunziro oterewa sungani umboni wake, poti masiku ano umafunsidwa.

Ndikamaliza digiri, ndiye kuti ndine mphunzitsi wovomerezeka basi?

Patsala sitepe imodzi. Lamulo la 2013 linakhazikitsa Teachers Council of Malawi, bungwe lolembetsa aphunzitsi ndi kuwapatsa ziphaso zogwirira ntchito, kaya ndi a sukulu za boma kapena zomwe si za boma. Polembetsa amayang'ana mapepala anu a uphunzitsi ndi kumene munawatenga.

Ndikufuna kuyamba. Pamafunika chiyani?

Muyeso woyambira wa digiri ndi MSCE yokhala ndi makirediti 6, limodzi mwa iwo likhale la Chingerezi. Pamwamba pa apo pulogalamu iliyonse imafuna makirediti m'maphunziro ogwirizana nayo; wofuna uphunzitsi wa Physics sangalowe popanda kukhoza bwino Physics ndi masamu. Kukwanitsa muyeso sikutanthauza kusankhidwa, chifukwa ofuna malo amachuluka kuposa malowo.

Kalata yofunsira malo imapita kuti?

Kwa ochokera ku Fomu 4, kusankhira ku mayunivesite 6 a boma kumayendetsedwa pamodzi kudzera ku NCHE, ndipo pofunsira mumandandalika mapulogalamu amene mukufuna motsatana. Njira yogawa malo potengera boma limene munthu amachokera, imene anthu ankaitcha kota, inathetsedwa mu 2020. Ku mayunivesite omwe si a boma mumafunsira mwachindunji, ndipo za Domasi ndi Nalikule tsatirani chilengezo cha chaka chimenecho.

Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale ku Monkey Bay. Ndingakweze bwanji maphunziro osasiya ntchito?

Njira yodziwika ndi ya maphunziro apatali, imene ambiri amangoti ODL: mumapita ku koleji masabata angapo, kawirikawiri pa holide, ndipo nthawi yotsalayo mumawerenga ndi kulemba ntchito muli kwanu. Mzuzu University ndi Domasi ndi ena mwa amene akhala akuphunzitsa aphunzitsi mwa njira imeneyi. Musanayambe, dziwitsani akuluakulu anu kudzera kwa ahedi ndi ofesi ya zamaphunziro ya pa boma, ndipo chilolezo chikhale cholembedwa.

Digiri ya ODL ndi yotsika poyerekeza ndi ya okhala pa koleji?

Siyenera kutero, chifukwa kalikulamu ndi muyeso wa mayeso zimayenera kukhala zofanana. Chosiyana ndi njira yophunzirira. Kulemera kwake kuli pa inu: kuwerenga usiku mutachonga makope a ana, kugula bandulo, ndi kufunafuna malo ogwira netiweki.

Ndili ndi digiri ya zina, osati ya uphunzitsi. Ndingaphunzitse?

Kudziwa phunziro ndi kudziwa kuliphunzitsa ndi zinthu ziwiri, ndipo pa mapepala mumawerengedwa kuti simunaphunzire uphunzitsi. Anthu otere amachita kosi yaifupi yotchedwa University Certificate in Education, imene yakhala ikuperekedwa ku Zomba ndi ku Mzuzu. M'kosiyi muli maziko a uphunzitsi, njira zophunzitsira ndi TP.

Ngongole ya boma ilipo kwa ophunzira uphunzitsi?

Ilipo, kudzera ku bungwe la ngongole za ophunzira a m'sukulu zaukachenjede lokhazikitsidwa mu 2015, la Higher Education Students' Loans and Grants Board. Imaperekedwa kwa osowa amene ali pa mapulogalamu ovomerezedwa ndi NCHE, ndipo pofunsira pamafunika umboni wa mmene banja lanu lilili. Ndi ngongole, osati mphatso: mukamaliza maphunziro muyenera kubweza.

Ndingadziwe bwanji kuti pulogalamu ndi yovomerezeka?

Siyanitsani zinthu ziwiri: kulembetsedwa kwa sukulu, ndi kuvomerezedwa kwa pulogalamu. Sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa koma pulogalamu ina mkati mwake isanavomerezedwe, makamaka ikakhala yatsopano kapena yangosinthidwa kumene dzina. NCHE imafalitsa mndandanda m'nyuzipepala ndi pa intaneti. Fufuzani dzina lenileni la digiriyo ndi nthambi imene mukaphunzireko, musanalipire ngakhale ndalama yofunsira malo.

Kalikulamu yatsopano ikutanthauza kuti ntchito ndidzaipeza msanga?

Ayi, ziwirizi n'zosiyana. Boma limalemba aphunzitsi kudzera ku Teaching Service Commission, potengera ndalama zimene zili mu bajeti, ndipo omaliza maphunziro akhala akudikira ngakhale sukulu zikusowa aphunzitsi. Mwayi umakhala wokulirapo kwa a masamu ndi sayansi, ndiponso kwa ololera kukagwira ntchito kumidzi.

Ife aphunzitsi ndi makolo a kuno tili ndi mawu pa zosinthazi?

Muli nawo, ngakhale kawirikawiri amene amaitanidwa ku misonkhano ndi a m'mizinda. Njira zilipo: mabungwe a aphunzitsi monga TUM ndi SESTU, malipoti amene ahedi amalemba za ophunzira a TP, ndi mafunso amene mayunivesite amatumiza kwa amene anamaliza maphunziro. Ahedi a pa CDSS amene alandira mphunzitsi watsopano ndi amene amadziwa bwino chimene digiriyo yamupatsa ndi chimene yamumana, choncho lipoti lawo lisamangoti "wachita bwino".

Sukulu ikandiuza kuti kalikulamu yake ndi yatsopano, ndifunse chiyani?

Pemphani mndandanda wa makosi a zaka zonse, muwone ngati mukatuluke ndi maphunziro awiri oti mukaphunzitse. Funsani kuti TP ndi ya masabata angati, malekichala amabwera kangati, ndiponso ngati kuli labotale ndi makompyuta amene ophunzira amagwiritsadi ntchito. Kenaka tsimikizani dzina la pulogalamuyo pa mndandanda wa NCHE. Mukayankhidwa mozemba pa lililonse la mafunso amenewa, sungani ndalama zanu mukafunse kwina.